Nambala ya Manda a Ababa

Kompannavidiya, Colombo
14 Ogasiti 2022

Achemwali anga a Mazeena,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana, komanso kuti msana uja wasiya kukuvutitsani. Odwala a ku Perth mwawanyamula zaka zokwana, tsopano muziwauza adzinyamule okha.

Kuno tadzuka, alhamdulillah. Amayi matenda a shuga aja akhazikika, osati chifukwa cha adokotala, koma chifukwa m'sitolo mulibenso chotsekemera chimene munthu angakwanitse kugula. Ine ndaonda pang'ono. Anzanga kuntchito akuti ndi umboni woti ndayamba kuganiza.

Musadabwe kuti ndakulemberani pa pepala ngati munthu wakale, pomwe timayankhulana pa foni Lachisanu lililonse. Pa foni mumandidula pakamwa, ndipo Amayi amakhala pafupi, kunamizira kusankha mpunga.

Poyamba pali chilengezo. Imirirani, ndipo muwauze alamu atseke wailesi. Ndikudziwitsa mtundu wonse wa Amalay, a pachilumba pano ndi omwazikana kunja, kuti patatha zaka khumi ndi chimodzi za thukuta, kafukufuku wanga wa liwu lotanthauza moto wasindikizidwa. Masamba khumi ndi anayi. Kufikira lero awerenga anthu atatu: mkonzi, ine mwini, ndi Mjeremani wina amene wandilembera kuti ndaphonya pa tsamba lachisanu ndi chimodzi. Mphatso ndi mauthenga oyamikira zilandiridwa kudzera kwa Amayi.

Popeza mpaka pano mumauza anthu kuti mlongo wanu amaphunzitsa zinazake ku yunivesite, ndikufotokozereninso komaliza. Ife kunyumba timati api. Ku Manila amati apoy. Ku Madagascar afo, ku Samoa afi, Amaori ndi a ku Hawaii ahi. Ukakwera m'mapiri a ku Taiwan, kwa Apaiwan, ukamva sapuy. Liwu ndi limodzi lomwelo, kungoti laperepeseka m'njira ngati nsapato. Makolo a anthu onsewa analikweza m'mabwato zaka ngati zikwi zisanu zapitazo, kuchokera cha ku Taiwan komweko, ndipo chilumba chilichonse chimene anafikapo analisiya pamafuwa. Kwa ife linafika mochedwa, m'kamwa mwa asilikali ndi andende amene Adatchi anawatula padoko pano.

Oseketsa ndi Ajava. Iwo liwuli analitaya, n'kukabwereka geni kwa Amwenye. Ndiye ife a m'tinjira ta Kompannavidiya, amene amatinena kuti Chimalay chathu n'chowonongeka, tasunga chimene mafumu a ku Java anataya. Pa mfundo imeneyi ndinkayembekeza kuti dziko ligwedezeka. Silinagwedezeke.

Ophunzira tikafuna kulemba gogo wa mawu onsewa, timayamba ndi kanyenyezi: *Sapuy. Kanyenyeziko kamatanthauza kuti palibe munthu wamoyo amene analimva liwulo, ndipo palibe pamene linalembedwa. Tinachita kulilondola m'mapazi a zidzukulu zake.

Khadi loyamba m'bokosi langa la makadi olembapo mawuwa ndi la Ababa. Mukukumbuka tsiku limene ndinabwera ndi chojambulira mawu, n'kuwapempha kuti anene api katatu pang'onopang'ono? Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti avine. Anati iwo azimitsa moto mu Colombo muno zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo palibe tsiku limene moto unawafunsa kuti kwanu mumanditcha ndani. Nditawafotokozera za kanyenyezi kaja, anaitana Amayi kukhitchini, ati tabwerani mudzamve, mwana wanuyu boma likumulipira kuti azilemba chiyankhulo cha mizukwa. Kuyambira pomwepo ndinasanduka a Pulofesa a Moto Wosatentha. Koma ananena ndithu. Api, api, api, kenako n'kufunsa ngati ndamaliza, tiyi wawo akuzizira.

Zoseka zathera pamenepa, ngakhale mukundidziwa, ndiziyesabe.

Mwati tikiti mwagula, mufika pa 9 Seputembala. Mwati tsiku lachitatu mukufuna ulendo wa ku Oddamavadi, inu, Amayi ndi ine, mukawerenge sura ya Yasin pamanda a Ababa. Chaka chatha ndinakuuzani kuti asilikali salola anthu kumeneko. Kenako ndinati Amayi sangapirire ulendo wa tsiku lathunthu. Chaka chino mafuta a galimoto atasowa m'dziko muno, Mulungu andikhululukire, mu Colombo monse amene anasangalala ndinali ine ndekha. Lachisanu lapitali munati kaya pa sitima, kaya wapansi, mupita basi. Zifukwa zandithera.

Achemwali, ku Oddamavadi kulibe Ababa.

Tsopano khalani pansi.

Mukudziwa mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo. Boma linali litalamula kuti aliyense womwalira ndi korona atenthedwe, kaya Msilamu kaya Mkhristu, ati mitembo ingaipitse madzi apansi. Mabanja ambiri achisilamu ankakana kusaina chikalata chovomereza, ankakana kugula bokosi, ankangoisiya mitembo yawo mochale. Ababa anatisiya pa 13 Febuluwale chaka chatha. Amayi anali otsekeredwa m'nyumba muno, chikalata cha azaumoyo chitamatidwa pachitseko. Inu ndege kunalibe. Kuchipatala ndinapita ndekha, poti nthawi imeneyo ndinkakhala kufupi ndi kuntchito ndipo sindinali m'gulu lotsekeredwa.

Ndinakuuzani kuti ndakana kusaina. Munalira pa foni, munati simunkadziwa kuti kamwana munkakasambitsa kaja n'kolimba mtima chonchi. Munakauzanso anthu ku mzikiti wanu. Mawu anu amenewo ndimawamvabe.

Zimene zinachitika ndi izi. Pakhonde la chipatala ndinapeza a Jaldeen, atelala a kuseri kwa mzikiti aja, amene ankatisokera mayunifomu. Akazi awo anali atamwalira dzulo lake. Mkuluyo anali atakhala pansi penipeni, pa simenti, miyendo atatambasula, ndipo aliyense wobwera ndi pepala ankamuuza mawu amodzimodzi: "Mwana wanga, ine sindidziwa kulemba." Munthu amene ali ndi miyeso ya ziuno za Kompannavidiya yense m'kope lake!

Kenako kunabwera mkulu wina wa mu ofesi, atavala zodzitetezera mpaka kumaso. Ataona dzina langa pa chiphaso, mawu ake anafewa. Anati anandimvapo ndikuyankhula pa wailesi. Ananditengera pambali n'kundipatsa mpando. Anati, "Dokotala, bola inu ndinu ophunzira, mumvetsa msanga. Enawa timatha nawo tsiku lonse." Ponena enawa, analoza ndi chibwano kwa a Jaldeen.

Ndinasaina, achemwali. Ndi cholembera changa.

Ndakhala ndi chaka ndi theka chokonzera zifukwa, ndipo ndili nazo zokongola. Ndingakuuzeni kuti sindinafune kuti Ababa agone m'kontena yozizira pamodzi ndi anthu osawadziwa, iwo amene ankavala juzi ngakhale mu Epulo. Ndingakuuzeni kuti mitembo ina yokanidwa anali ataitentha kale popanda wosaina, ndiye ndani akanadziwa. Ndingakuuzeni zimene mashehe ankanena, kuti wokakamizidwa alibe tchimo. Zonsezi zili ndi choonadi chake, koma si zimene zinayendetsa dzanja langa. Ine palibe anandikakamiza. Anandipatsa mpando.

Zaka makumi awiri ndakhala Msilamu wabwino wa ku yunivesite, uja savuta, uja amaseka nawo nthabwala za ndevu, zina n'kumaziyambitsa yekha. Munthu uja atanena kuti enawa, sindinafune kuti andiwerengere kumeneko. Ndafufuza mumtima mwanga kuti mwina ndipezamo china. Mulibe.

Tsiku lotsatira anandilola kuima kunja kwa mpanda wa malo otenthera. Pa mpandapo panali tinsalu toyera timene anthu ankamangirira pokana lamuloli. Ababa sindinawaone. Sindinawasambitse. Ndinaona bokosi lokulungidwa m'pulasitiki likulowa, ndipo patapita kanthawi ndinaona utsi pa chumuni. Ndinayesa kupemphera, koma dua sindinakumbuke ngakhale imodzi. Chimene chinkayenda m'mutu mwanga ndi mndandanda wanga uja, api, apoy, afo, afi, ahi, ngati mwana woloweza za mayeso. Phulusa anandipatsa mu mphika wadothi, wophimbidwa ndi kansalu.

Mukukumbuka 1983? Inu munali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ababa anatha masiku anayi osabwera kunyumba, mzinda ukuyaka pa zipolowe zija. Atabwera anakhala pakhomo osavula nsapato, ndipo Amayi atawapatsa pitu ndi nthumbwana zimene ankazikonda, anakankha mbale. Sanatiuze zimene ananyamula masiku amenewo. Anangoti, "Ine ndikadzafa mudzandiike m'dothi lonyowa, msanga, dzuwa lisanalowe. Ndaona zimene moto umachita ndi munthu." Atapita ku Haji anabwera ndi sanda yawo, nsalu yodzawakulungamo akadzamwalira, yoviika m'madzi opatulika a Zamzam, n'kuiika pamwamba pa kabati ya zovala, ndipo chaka chilichonse ankaiyanika kuopa njenjete.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, koma ndinamva. Sindinganame kuti sindinamve.

Patangopita masiku khumi chisainireni, boma linasintha lamulo. Masiku khumi, achemwali. Sabata yotsatira anayamba kunyamula mitembo imene inatsala mochale kukaiika ku Oddamavadi, ndipo akazi awo a Jaldeen anali m'gulu limenelo. Amati zengerezu adalinda kwaukwau, koma ulendo uno amene anangokhala pa simenti ndi amene anaika maliro awo.

Amayi atamva nkhaniyi pa wailesi anagwada pomwepo kuthokoza Mulungu, kenako n'kuthokozanso ine. Anakwera okha pa mpando, anatsitsa sanda ija, n'kundiika m'manja, ati pita nayo, ukawapemphe asilikaliwo, mwina akalola kuiyala pamwamba pa bokosi. Ndinailandira. Ndinatuluka ndi chikwama ngati wa paulendo, ndinakwera basi, n'kukatsika ku yunivesite. Ndinakhala mu ofesi masiku awiri, chitseko chokhoma.

Nditabwerera anandifunsa nambala ya manda, poti anamva kuti kumeneko manda amawazindikira ndi manambala. Ndinati 31. Sindidziwa kumene ndinaitola. Anailemba mkati mwa chikuto cha Korani yawo, ndipo Lachinayi lililonse akamaliza Yasin amatchula nambalayo momveka, ngati kuti angelo angasochere. Kumeneko kuli munthu wina, kaya mwamuna kaya mkazi, amene wakhala akudya madalitso a Ababa chaka ndi theka. Ayenera kuti amadabwa.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi, amalume a Buhary anandiimiritsa pamaso pa anthu, ati onani, tinkati sukulu yamuwononga mwanayu, saswali, ndevu amameta, koma tsiku la mayesero ndi iye amene anaima. Anandiikira ntchafu ya nkhuku m'mbale ndi dzanja lawo. Ndinadya, achemwali. Inali yokoma. Chimenecho n'chimene chimandiopsa.

A Jaldeen anapita nawo ulendo wokaika maliro uja, ndiye akudziwa kuti ine kunalibe. Amayi atawapeza pamsika n'kuwafunsa ngati anaona pamene anagona Ababa, mkuluyo anayang'ana pansi nati, "Mayi, dothi la kumeneko n'labwino, lamchenga, ndipo kuli kamphepo." Sanawonjezere. Ine tikakumana amangoti a Pulofesa, n'kugwedeza mutu, n'kudutsa. Bola akananditukwana.

Mphika uli m'kabati yachitsulo ya mu ofesi yanga, pansi penipeni, kuseri kwa mabokosi a makadi. Masiku awiri aja ndinaukulunga mu sanda. Nsalu zitatu zoyezedwa pa munthu wamtali ngati Ababa, pa chinthu chokwana m'manja awiri. Ndinapinda, ndinapindanso, nsalu osatha.

Chaka chatha zinali zopiririka. Koma chaka chino gasi atasowa, Colombo yense wabwerera ku nkhuni. Amayi anaika njerwa zitatu kuseri kwa nyumba, akuphikira makoko a kokonati ndi miyendo ya mpando uja unathyoka. Nyumba zonse mumsewu muno zikufuka. M'mawa utsi umalowera pawindo, umakhala m'malaya, m'tsitsi, m'tiyi. Amayi amandipempha kuti ndiwakolezere poti mawondo sakuwalola kugwada, ndipo ine, katswiri wa moto kuyambira Madagascar mpaka Hawaii, machesi amandigwa m'manja. Amaseka, ati bambo ako sananame, moto wako ndi wosatenthadi.

Ku ofesi nakonso. Mayi amene amasesa wandifunsa kawiri ngati mulibe waya wopsa. Anaitana wamagetsi, anafufuza, sanapeze kanthu. Ine ndine munthu wa umboni. Ndikudziwa kuti utsi uli paliponse mumzinda muno, ndipo phulusa la mu mphika wotseka silinunkha. Ndikudziwa bwino lomwe. Komabe tebulo ndalisuntha kuti ndisamafulatire kabatiyo.

Pokonza kafukufuku uja, mkonzi anafuna kuti nditsimikize mmene ife a kuno timalitchulira liwuli, ngati timakoka poyamba kapena ayi. Ndinayatsa mawu ndinajambula aja. Api, api, api, mu ofesi momwemo, phazi limodzi kuchokera pa kabati. Kenako mawu awo, ofatsa, akufunsa kuti, "Wamaliza?" Ndinathimitsa. Mkonzi ndinamuyankha mongoganizira, ndipo ndi pamenepo, tsamba lachisanu ndi chimodzi, pamene Mjeremani uja wandigwira.

Lolemba lapitali Amayi anatumiza uthenga kwa a Jaldeen kuti adzatiperekeze mu Seputembala, poti njira akuidziwa. Pochokera kuntchito ndinawapeza akundidikira pa kona, tepi yoyezera ili m'khosi. Koyamba m'miyezi yonseyi sananditchule Pulofesa. Anati, "Arifeen, mwana wa mnzanga, ine ndinanama kamodzi chifukwa cha mayi ako, ndipo ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Koma kukaima pafupi ndi mkazi wanga n'kuloza manda a mwini wake kuti awa ndi a bambo ako, zimenezo ayi. Uwauze iwe, mwezi uno usanathe."

Ndinayamba kuwafotokozera za lamulo, za nthawi yovuta, za kukakamizidwa. Anandisiya ndiyankhule mpaka nditatopa, kenako anati, "Ine ndimasoka, mwana wanga. Ukadula nsalu ya munthu molakwika, sumufotokozera mbiri ya sizasi."

Ndiye ndayamba ndi inu, chifukwa inu ndimakuopani kuposa Amayi, komanso chifukwa Amayi sindingawathe ndekha.

Pempho langa ndi ili. Tikiti musabweze. Bwerani. Zonditukwana mudzayambire pabwalo la ndege, mudzapitirize m'galimoto, mudzamalize tisanafike pakhomo. Mukadzafuna kundimenya khofi, ndidzavula magalasi. Kenako mudzakhale pambali pa Amayi, mudzawagwire dzanja, ine ndidzanene ndi pakamwa panga. Sindikupempha kuti mudzandinenere. Ndikupempha kuti m'chipindamo mudzakhale munthu wodziwa chochita mtima wa nkhalamba ukayamba kuthamanga.

Zikadzatero tidzapite kwa a shehe, tikapemphe kadzenje ku manda a ku Jawatte, pafupi ndi agogo. Sindikudziwa ngati pali swala ya maliro yoswalira mphika. Ndafufuza m'mabuku, koma kufunsa munthu ndaopa. Inu simuopa kufunsa.

Mukaganiza zosiya kundiyankhula, ndimvetsa. Koma Lachisanu muimbe ndithu, chifukwa Amayi amasamba n'kusintha zovala podikira foni yanu. Ine ndidzatulukapo panja.

Mundiperekere moni kwa alamu a Rizan, muwauze kuti akhoza kuyatsanso wailesi yawo. Moni kwa Shazna ndi Thasleem, awerenge mwakhama, koma asafike pa amalume awo. Amayi sakudziwa kuti ndikulemba, koma moni akanapereka, ndipo akanakukumbutsani za mafuta opaka m'mawondo. Mulungu akusungeni, akuyendetseni bwino m'mwambamo, ndipo ngati n'kotheka akusiyireni kamalo kanga mumtima.

Chatsala chimodzi, chimene pakamwa sindidzatha kuchinena. Mukudziwa kuti ntchito ya mwana wamwamuna ndi kutsika m'dzenje, kumasula mfundo za sanda, n'kugoneka bambo ake chammbali, nkhope kuloza ku Makka. Ababa anandiphunzitsa okha pa maliro a agogo, anagwira dzanja langa n'kundionetsa pogwira mutu. M'mawa uliwonse ndikafika ku ofesi ndimakhoma chitseko, ndimatsegula kabati, n'kuutembenuza mphika uja pang'ono. Mawa lake ndimautembenuzanso. Sindikudziwa kumene kuli nkhope, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Arifeen